Kabulangete Kachikasu Kamene Mwana Wanga Sanafunde

Kuluka ndinaphunzira kwa mayi wina wa ku Mozambiki, nthawi imene anthu othawa nkhondo anali akadali ku Luwani. Kwathu kunali pafupi ndi kampu. Amayi ankandituma kukagulitsa masamba kumeneko, kapena kukasinthitsa ndi nandolo ndi mafuta ophikira amene anthu aja ankalandira. Ine ndinali wamanyazi. Sindinkatha kukuwa ngati anzanga kuti masamba, masamba. Ndinkangotula dengu pansi pa mtengo n'kukhala chete, wogula andipeze yekha. Mtengowo unali moyang'anizana ndi khomo la mayi ameneyu, ndipo iwo ankakhala pakhonde tsiku lililonse akuluka, mimba ili patsogolo.

Ndinawayang'ana masiku ambiri. Tsiku lina anandikodola.

"Iwe mwana, maso akowo andithera ulusi. Bwera kuno."

Chichewa chawo chinali chopindika, chosakanikirana ndi chakwawo, koma tinkamvana. Zolukira zawo zinali masipoko awiri a njinga, onoledwa pamwala, kumapeto kwake atakulungako mphira kuti ulusi usapulumuke. Anandigwira zala n'kundionetsa kakolekedwe ka ulusi pa sipoko, mpaka patakhala timakoko tondondozana. Timakoko timeneti iwo ankati ndi maso, ngati maso a ukonde. Kenaka anandiphunzitsa njira ziwiri zokha: kuluka ulusi uli kumbuyo, ndi kuluka ulusi uli kutsogolo. Ukamasinthanitsa, diso ili chakumbuyo, lotsatira chakutsogolo, ndipo pobwerera n'kusemphanitsa, nsalu imatuluka ya timibulu timibulu. Kalukidwe kameneko ankati mpunga.

"Mpunga umasunga kutentha," anatero. "Supindika m'mphepete, sufuna kuwerenga kwambiri. Ngakhale wopusa amatha. Bulangete la mwana ndi limeneli basi, umangopita kutsogolo mpaka likwane."

Mwana amene ankamulukirayo anabadwa wonenepa, ndinamunyamulapo ndi manja anga. Za juzi, manja ake ndi khosi lake, sanafike pondiphunzitsa. Nkhondo kwawo itatha, magalimoto anayamba kubwera kudzatenga anthu, ndipo iwo anapita. Anandisiyira masipoko awiri aja.

Sukulu ndinalekeza msanga. Pamene ankalengeza kuti ana aziphunzira ulere, ine n'kuti ankhoswe atakambirana kale. Ndinakwatiwa chaka cha chisankho, anthu akuimba za zipani m'misewu. Amuna anga anali a kumapiri, kupitirira Ligowe. Ankatsika ndi mbatatesi panjinga kudzagulitsa ku Lisungwi, ndi kumene anandionera. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, koma iwo anati minda ya mbatatesi sangaisiye, ndipo akwathu analola kuti ndipite chitengwa. Ndinakwera phiri ndi kasutikesi, mapoto awiri ndi masipoko anga pansi pa zovala.

Kuzizira kwa kumeneko palibe anandiuza. Kwathu kuchigwa timagona thukuta lili kamukamu. Kumapiri nkhungu imalowa m'nyumba ngati ya pakhomo pomwepo, ndipo kamvula ka chiperoni kamatha masiku kasakusiya. Nyengo yoyamba yozizira ndinaona makanda a m'mudzimo akutsokomola, zifuwa zikulira ngati ana a mphaka. Wina wa pafupi nafe sanafike nyengo yotentha. Zimenezo zinandikhala mumtima.

Pakhomo panali apongozi anga, amayi awo a amuna anga. Bambo awo anali atamwalira kale. Apongoziwo sanali munthu wokalipa. Ankandilankhula mwaulemu nthawi zonse, inu, inu, koma ulemu wake unali wozizira ngati madzi a m'chitsime cha m'mawa. Ine ndinkagwada, kuyankha kuti ee, n'kuchokapo. Anthu a m'mudzimo ankati mnyamata uja anakatenga mkazi wopanda lilime.

Pakati pataoneka, amayi akuluakulu anabwera kudzandilanga. Anandikhazika pamphasa, miyendo yotambasula. Musadye mazira. Musaime pakhomo. Musanyoze wolumala. Ndipo mmodzi wa iwo, wa mumvano, anakweza chala.

"Musamugulire kanthu, musamusokere kanthu. Munthu amene simunamuone nkhope simumuyalira mphasa. Mwamva?"

"Ndamva."

Ndinamvadi. Koma ndinawerenganso miyezi pazala, ndipo ndinaona kuti mwana adzabadwa pakati penipeni pa kuzizira. M'nyumba mwathu munali bulangete limodzi, lolimba ngati chiguduli, ndi zitenje zanga zitatu. Ndinkadziwa kuti ndikadzachira sindidzakhala ndi manja olukira. Ndinakumbukiranso mayi a ku Mozambiki aja, akuluka mimba ili patsogolo, ndi mwana wawo wonenepa uja. Kodi Mulungu wa ku Mozambiki ndi wina? Ndinadzifunsa choncho, ndipo ndinasankha kuluka.

Masiku amenewo kaunjika anali atangochuluka. Tsiku la msika paboma zovala zinkakhala milumilu pansi, anyamata akukuwa pamwamba pake. Ndinapita ndi nthochi za m'dimba, ndipo pobwerera ndinali ndi juzi yaikulu ya munthu wamkulu, yachikasu, yobooka pachigongono. Sindinaisankhe chifukwa cha mtundu. Inali yokhayo ya ulusi wonenepa imene ndikanaitha. Mnyamata wogulitsayo anaseka.

"Mayi, mwatenga ya boma! Mukavala imeneyi apolisi akupatsani sawasha."

Chikasu chinali mtundu wa chipani chimene chinangopambana kumene. Ine za zipani sindinkazitsata. Ndinaipinda n'kuibisa pansi pa dengu.

Dimba lathu linali kumtsinje, kotsetsereka, kobisika ndi nthochi. Kumeneko ndi kumene ndinkakhala ndekha. Ndinadula msoko wa juzi ija ndi lezala, n'kupeza nsonga ya ulusi, n'kuyamba kukoka. Inkamasuka mzere ndi mzere, ikulira pang'onopang'ono ngati munthu akung'amba tsamba louma. Ulusi unatuluka wopotanapotana. Ndinaukulunga kuzungulira thunthu la nthochi, n'kuunyika m'madzi ofunda a m'chitini, n'kuuyanika pamthunzi ndi mwala wolendewera kuti uwongoke. Utauma ndinaukulunga timipira. Zonse ndinkasunga m'thumba la feteleza, pansi pa masamba ouma a nthochi.

Poyamba zinandivuta. Zala zinali zitaiwala. Ndinakoleka maso mothina kwambiri, sipoko n'kumakana kulowa. Ndinamasula. Ndinayambanso, ndipo ulendo uno m'mphepete munkakula mokha, kansalu kakutambasuka ngati siketi, chifukwa ndinkaonjezera diso osadziwa. Ndinamasulanso. Kukula kwake sindinayeze ndi kanthu kena koma mkono wanga, kuyambira paphewa kufika kunsonga ya chala. Masipoko anali aafupi, maso ankapanikizana, ndipo ndinkagwira kumapeto ndi chala chaching'ono kuti asagwe. Ndikasokoneza, timibulu tinkaleka kusemphana n'kuyamba kundondozana ngati mizere ya m'munda. Ndinaphunzira kuyang'ana diso lililonse ndisanalowetse sipoko: likakhala ndi kamfundo patsogolo, ulusi upite kumbuyo, likakhala losalala, ulusi ubwere kutsogolo. Nditazindikira zimenezo manja anayamba kuyenda okha.

Ndinkathirira masamba mofulumira, n'kukhala pamthunzi kuluka mpaka dzuwa litapendeka. Kabulangete kankakula pamiyendo panga, mimba ikukulanso pansi pake. Nthawi zina mwana ankagunda, kansalu n'kudumpha. Pamalo amodzi diso linandipulumuka osaona, panatsala kabowo kolowa chala. Ndinakaona nditapita kale patali, ndipo ndinakasiya. Ndinati mwana azidzatulutsirapo chala chake. M'mudzi monse muja, mwa eni ake, chinthu changachanga chinali chimenechi.

Nthawi yokolola kunabwera alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga. Ankakhala ku Zalewa, kumene ankagulitsa mazira owiritsa ndi tomato pamawindo a mabasi. Anabwera ndi mwana wamwamuna wa miyezi ingapo, akuti kudzathandiza kukolola, koma tonse tinkadziwa kuti ayambana ndi amuna awo. Anali munthu wa phokoso ndi nthabwala. Anafika atavala buluku, poti lamulo loletsa akazi kuvala buluku linali litatha, ndipo apongozi anga amene ankandidzudzula chitenje chikakwera pang'ono sananene kanthu. Mwana uja apongoziwo ankamunyamula tsiku lonse. Kumeneko mwana wa mwana wamkazi ndiye wapakhomo. Wanga, ngakhale asanabadwe, anali wa kuchigwa, wa eni ake ena.

Kabulangete kanali katatsala pang'ono kutha pamene apongozi anatsikira kudimba kudzathyola mpiru. Sankabwerako kawirikawiri chifukwa cha mawondo. Sindinawamve. Ndinangoona chithunzithunzi chagwera pa ulusi.

"Kodi ichi n'chiyani?"

Ndinayesa kugwada, mimba n'kumanditchinga.

"Ndi kansalu chabe, amayi."

"Kansalu ka yani?"

Ndinakakokera pamimba.

"Ndafunsatu. Ka yani? Kapena mwayamba kusewera ndi zidole?"

"Ka mwana."

"Mwana uti? Ali kuti? Tamuitaneni ndimuone."

Ndinayang'ana pansi. Anakhala pamzere wa mpiru, akupuma movutikira. Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Ine woyamba wanga ndinamusokera kamalaya. Bambo awo anachita kukagula nsalu ku Mwanza. Ndinkaseka akuluakulu, ndinkati za kale. Kamalaya kaja kanatsala m'sutikesi. Mwini wake tinakamusiya kudambo, amayi okhaokha, popanda ndi kulira komwe. Inu munalangidwa, ine ndili pomwepo. Mwabwera kudzatiitanira maliro pakhomo pano?"

Ndinawamvera chisoni, sindinama. Koma manja anga anagwira kabulangete kaja mwamphamvu.

"Chinthu chimenechi chisagonenso chikudikira munthu," anatero. "Chipeze mwini wamoyo lero lomwe. Nyamulani, tiyeni."

Tinakwera chitunda, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi thumba la feteleza. Alamu anali pakhonde akuyamwitsa. Apongozi anakhuthula thumba pamphasa n'kufotokoza. Alamu anatola kabulangete, n'kukatambasula padzuwa, n'kukapaka patsaya.

"Eee, alamu! Kodi manja ali ndi nzeru chonchi, pakamwa pali loko? Taonani timibuluti! Chachikasunso! Basi mwana wangayu ndi nduna, chipani chamupeza ali kumsana."

"Sikanathe," ndinatero. Ndinkaganiza kuti mwina zimenezo zikapulumutsa.

"Ndiye katsirizeni," anatero apongozi. "Pompano. Mukulukira mwana amene tikumuona, palibe choopsa."

Anandiyalira mphasa. Kwa nthawi yoyamba ndinaluka poyera, anthu odutsa akuima kuonerera. Ndinaluka mizere yotsala, n'kutseka maso limodzilimodzi monga anandiphunzitsira mayi aja, diso ili kulumpha linzake, mpaka sipoko inatsala yopanda kanthu. Ndinadula ulusi ndi mano. Alamu anafunditsa mwana wawo pomwepo, ndipo anagona.

Amuna anga atabwera kumunda ndinawauza tili awiri. Ankatsuka mapazi.

"Ndiye ukufuna nditani?"

"Mukawauze kuti akasunge chabe. Mwana akabadwa adzatibwezere."

"Ndikakangane ndi amayi chifukwa cha juzi yakutha ya pakaunjika? Iwe, anthu adzandiseka. Ndikagulitsa mbatatesi ndidzakugulira shawelo ya m'sitolo, yoyera, ya mphonje."

Mbatatesi anagulitsa. Shawelo sindinaione.

Ndinachira mwezi wa Juni, m'mawa wa nkhungu. Mwana wamkazi, wamng'ono thupi koma wa mawu. Mchombo sunamuzinge, sanavute kutuluka, analira nthawi yomweyo. Apongozi anati mwaona, tinachita bwino kuchotsa chinthu chija. M'chikuta ndinkamukulunga m'zitenje ziwiri, chachitatu chili pachingwe, ndipo ndinkamuika pachifuwa panga mkati mwa malaya kuti amve kutentha kwanga. Matewera sankauma. Tinkawayanika pamoto, ankanunkha utsi. Kuluka kena sikukanatheka. Ulusi unatha, msika unali kutali, ndipo ine ndinkati ndikaimirira nthaka n'kumazungulira.

Mchombo utagwa tinatuluka, ndipo patapita masabata ndinapita naye kutchalitchi. Ine ndi alamu tinakhala benchi imodzi. Potuluka amayi anatizungulira, koma maso awo anali pa chikasu chija. Ankachigwiragwira.

"Mwagula ku Limbe chimenechi?"

Alamu sananame. "Ayi, waluka ndi mlamu wangayu, wosalankhulayu."

Onse anatembenukira kwa ine, kenaka kwa mwana wanga m'chitenje chofwifwa, timapazi tili kunja.

"Nanga wanuyu mwamusiyiranji pamphepo?"

"Paja woumba mbiya amadyera m'phale," anatero wina, ndipo anaseka onse. Inenso ndinamwetulira. Ndinali ndisanaphunzire kuchita china anthu akamandiseka.

Ndinakhala masiku ndikukonza mawu mumtima. Ndinkawanena ndikusinja, ndinkawanena ndikutunga madzi. Mwayi unapezeka kumtsinje, ine ndi alamu tikuchapa matewera pamwala umodzi.

"Alamu."

"Ee."

"Kabulangete kaja."

"Katani?"

"Mwana wafika tsopano. Nkhope tamuona."

Anasiya kuchapa n'kundiyang'ana, thovu lili m'manja. Kenaka anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Lero mwalankhula! Mbuzi ibereka ng'ombe chaka chino." Anapukuta misozi ndi mkono. "Mukunena zoona, alamu. Inenso chimandivuta mumtima, ndikamuona wanuyo akunjenjemera. Tamverani. Bambo a uyu atumiza mawu, apepesa, ndikubwerera ku Zalewa sabata yamawa. Kumene kuja n'kotentha, mwana angandipsere m'bulangete. Ndidzakusiyirani. Koma amayi asamve kuti munachita kupempha, mwamva? Ndidzangoti ndaiwala."

Ndinakwera chitunda tsiku limenelo beseni lili pamutu osalimva kulemera. Ndinamuuza mwana kumsana kuti pirira pang'ono, chako chikubwera.

Sabata isanathe mwana wa alamu anatentha thupi. Maso anafiira, mamina osaleka, chifuwa chouma. Anakana bere. Kenaka kuseri kwa makutu kunatuluka totupa ting'onoting'ono, n'kufalikira kumaso, pakhosi, mpaka pamimba. M'mudzi wa kutsidya munali kale ana odwala chikuku, aliyense ankadziwa. Koma m'mawa umenewo apongozi anamuvundukula mwana uja pakhonde, n'kuyendetsa dzanja pakhungu lake, kenaka pa kabulangete, kenaka pakhungu pake kachiwiri.

"Taitaneni amake khandawo."

Ndinabwera n'kugwada chapatali, chifukwa ndinkaopa kuti wanga angatengere.

"Senderani. Gwirani apa. Tsopano gwirani apa. Mwamva? Timibulu tomwe tija munkaluka kudimba, lero tili pathupi pa mdzukulu wanga."

"Amayi, ndi chikuku. Kutsidya kuja ana..."

"Chikuku chadumpha nyumba zonsezi n'kudzasankha amene wafunda chinthu chanu? Tsoka munaliitana lija silinabwerere. Linasowa polowera kwa inu, lagwera mwana wa eni khomo."

Ndinayang'ana alamu. Ndinkadikira kuti aseke monga ankachitira, anene kuti amayi inu, zachikale zimenezo. Koma anali asanagone masiku, maso atalowa, mwana ali lefu m'manja. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Munkadziwa, eti? N'chifukwa chake munapereka osakana. Wanu ali bwinobwino kumsanako."

Ine ndinapereka osakana! Amuna anga anali pomwepo, akupopa njinga kuti atengere alamu ndi mwana kuchipatala. Sanadzutse mutu. Ankangopopa.

"Chitenthedwe," anatero apongozi. "Woluka ndiye wotentha. Asananyamuke awa, utsi uoneke."

Kabulangete kaja anakaponya patsogolo panga. Ndinakatola. Chichokereni m'manja mwanga tsiku lija ndinali ndisanakagwirenso. Kanali katafewa ndi kuchapidwa, kakununkha mkaka ndi mkodzo wa mwana wina. M'mphepete munali mowongoka ndithu, simunapindike. Kanali kabwino. Ndinali ndisanakaonepo bwinobwino kuti kanali kabwino chotere.

"Amayi," ndinatero, "bwanji ndikawiritse m'madzi otentha, ndikatumize kwathu kuchigwa? Pano sikakhala."

"Mukufuna kanyamule wachiwiri?"

Pamenepo inenso mantha anandigwira. Sindinkakhulupirira za timibulu, koma mwana wodwala anali atagonamo, ndipo wanga anali wa masabata ochepa. Ngakhale akanandipatsa, kodi ndikanamufunditsa tsiku limenelo? Sindikudziwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti sanandisiye kuti ndisankhe ndekha.

Ndinapita kudzala kuseri kwa khola, mwana ali kumsana, apongozi akunditsatira ndi chikuni cha moto. Ndinasonkhanitsa mapesi, n'kuika kabulangete pamwamba, n'kuyatsa. Ulusi wa juzi za kaunjika supsa ngati thonje. Unayamba kukhwinyata, n'kusungunuka, n'kumadontha ngati phula. Chikasu chinasanduka chakuda ndikuona. Utsi wake unali wonunkha ngati matayala. Mwana kumsana anayetsemula.

"Mwalimva fungolo?" anatero apongozi, atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Chinthu chabwino sichinunkha chonchi."

Panatsala chibuma chakuda, cholimba, chosaposa chibakera. Anandiuza kuti ndichikwirire, ndipo ndinachikwirira ndi khasu. Njinga inali itanyamuka kale.

Mwana wa alamu anagonekedwa kuchipatala masiku angapo, ndipo anachira. Ndinathokoza Mulungu, chifukwa akanapita sindikudziwa kuti ine ndikanakhala kuti. Koma kuchira kwake kunanditsekanso pakamwa. Apongozi ankauza aliyense wobwera kudzazonda kuti titangotentha chinthu chija, tsiku lomwelo mwana anayamba kuyamwa. Za jakisoni ndi mankhwala palibe ankazitchula. Amayi a m'mudzi ankagwedeza mitu n'kumandiyang'ana m'mbali. Mtsikana wina woyembekezera anauzidwa pamaso panga kuti asamakhale nane pafupi, ndingamuphunzitse za kuchigwa. Alamu anabwerera ku Zalewa. Ponyamuka anatsanzika aliyense, kwa ine anangoti tsalani, maso ali kumbali.

Wanga chikuku sanatengere, koma chifuwa chinamupeza. Ankatsokomola mpaka nkhope kuda. Tsiku la sikelo litafika kunali chiperoni, ndipo apongozi anati andiperekeza, poti iwonso ankafuna mankhwala a mawondo. Tinayenda m'kamvula kaja, ine nditamumanga mwana ndi zitenje ziwiri, chachitatu nditamuphimba kumutu. Pofika zonse zinali zitanyowa.

Pasikelo panali amayi ambiri pamabenchi, ana awo ali m'mashawelo, m'majuzi, ena m'tizipewa toluka. Itafika nthawi yanga ndinamasula mwana kuti apimidwe. Anamwino anagwira chitenje chonyowa chija ndi zala ziwiri, n'kugwira mapazi a mwana, n'kumvetsera chifuwa chake. Kenaka analankhula mokweza kuti onse amve.

"Mayi, kuzizira konseku mwana ali m'chitenje chokha? Mukufuna chibayo chimutenge? Taonani anzanuwa. Sikuti onsewa ndi olemera ayi. Ena amangomasula juzi yakale n'kulukira mwana kofunda. Miyezi yonse munali oyembekezera munkatani? Manjawa ntchito yake n'chiyani?"

Mabenchi onse anatembenuka. Apongozi anali atakhala pambali panga. Ndinawayang'ana. Ndinkaganiza kuti mwina anena ngakhale liwu limodzi. Anakonza duku lawo n'kupumira m'mwamba.

"Ana a masiku anowa, anamwino," anatero. "Timawauza, koma samva."

Ndinatsegula pakamwa. Mawu analipo, onse, kuyambira kudimba mpaka kudzala. Koma mwana anayamba kutsokomola, ndipo anamwino anali ataitana kale wotsatira. Ndinamutenga, n'kumuika kubere, n'kumufunditsa chitenje chonyowa chomwe chija.